Belo Limene Ndinapempherera Kuti Alikane

Mlimi aliyense wa fodya kwathu kuno kwa Zulu, belo lake likangokwera galimoto pemphero limakhala limodzi: lipite, ligulidwe, lisabwerere. M'kalabu mwathu ndine ndekha amene ndinapempherapo mozondoka, ndipo sindichita nazo manyazi. Wofuna kuseka aseke, koma adziwe kuti ine ndinayamba kale, iye wapeza zotsala.

Zinayamba ndi mwana wanga wamkazi, wachitatu kubadwa. Ameneyo mutu sanatengere ine. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 5, ndipo ndimamva kuti aphunzitsi anga anayamba kunenepa chaka chomwecho. Iye anafika mpaka kukoleji ku Lilongwe, kukaphunzira zamakompyuta. Koma matenda ake enieni anali kujambula. Ali wamng'ono makoma a khitchini yathu sankapuma ndi makala. Atamaliza koleji, iye ndi anzake atatu anagwirizana ndi kampani ina ya kutsidya kwa nyanja kuti apange gemu, masewera aja amene achinyamata amawerama nawo pafoni ngati akusankha nyemba.

Atabwera kudzatiuza ndinamufunsa kuti, "Ndiye ntchito yakoyo ndi kusewera?"

"Ayi adadi, ndi kupanga zoti ena azisewera."

"Ndiye kuti ndiwe wosema bawo."

"Tingoti choncho."

"Nanga osangonena bwanji? Amayi ako akhala akuuza anthu kutchalitchi kuti uli mu ofesi."

Gemuyo inali ya zam'tsogolo, nthawi imene ife tonse tidzakhale titaiwalika. Anthu ena atopa nalo dziko lino, asamukira ku dziko lina lofiira, kutali kupitirira mwezi. Katundu amapita kumeneko pa zombo za mumlengalenga, zazitali ngati mathiraki koma zopanda matayala. Wosewera amakhala mayi wina woyendetsa chombo chotero, wanyamula mbewu ya mtedza, ndipo ayenera kukafika nthawi yodzala isanadutse. Vuto lili panjira. Pakati pa maiko awiriwa pali boda, yomangidwa pa chimwala choyandama. Zombo zimaima pamzere masiku ambirimbiri, madalaivala akuphika pansi pa zombo zawo, kuyanika zovala pamapiko, kunamizana za kwawo.

Nditamva zimenezo ndinati, iwe, boda imeneyo ndikuidziwa, ndi yathu yomwe ino, wangoikweza m'mwamba. Sanakane. Ali ku pulayimale ndinkamukweza pakeliyala Loweruka kukagulitsa mtedza wokazinga kwa madalaivala opita ku Zambia. Ine ndinkati mwana akuyang'anira beseni, kani akuba nkhope za anthu.

Pabodapo panali mlonda wa chipata, chimakina chokalamba cha diso limodzi, chadzimbiri, chimene ntchito yake inali kudinda mapepala koma chinkakonda kuchedwetsa anthu ndi nkhani. Mawu a chimakinacho anali anga. Mwanayu anabwera ndi kachipangizo kojambulira mawu, n'kundifunditsa mabulangete awiri masana a mu Okutobala kuti nkhuku zisamveke. Thukuta linatuluka ngati ndikugalauza munda. Ankandipatsa zolemba zake, ine n'kumathirako zanga: "Mapepala ako ali bwino, mayi, koma chombo chakocho chandiyang'ana mwachipongwe. Bwerera kumapeto kwa mzere." Akuti azungu a kampani ija atamva anafunsa kuti wazisudzo ameneyu mwamupeza kuti. Ndinamuuza kuti awayankhe kuti m'chigafa, pakati pa fodya.

Ntchito imeneyi anaigwira zaka zinayi. Khirisimasi ziwiri sanabwere kumudzi.

Ndiye chaka china mu Epulo, tili pakati posankha fodya, ndinangoona kabaza waima pabwalo. Watsika mwana wanga, chikwama kumsana, katoni m'manja. Anali ataonda, khosi lokhalokha. Amayi ake anathamangira kukagwira nkhuku. Ine ndinamuyang'ana m'maso n'kudziwa kuti nkhukuyo ingofera chabe, sadya.

Anadikira mpaka titatsala awiri m'chigafa.

"Adadi, gemu ija yafa."

"Yadwala masiku angati?"

Sanaseke. Anakhala pansi n'kufotokoza. Kampani ija inagulidwa ndi ina yaikulu, ndipo eni ake atsopano anati gemu ya mayi wonyamula mtedza alibe nayo ntchito. Chilichonse chimene anapanga, zombo zoyenda, nyimbo, mawu anga aja, chinkasungidwa m'makompyuta a kampaniyo kunjako. Iwo kuno ankangolowamo ndi nambala yachinsinsi. M'mawa wina nambalayo inakana. Basi. Zaka zinayi zinatsekeredwa m'nyumba ya eni, eni akewo n'kupita ndi kiyi. Ine ankandiuza kuti mawu anga ndidzawamva gemu ikadzatha, ndiye mpaka lero sindinadzimvepo ndili chimakina.

Chotsala chinali katoni ija. Mwana wanga chilichonse ankayamba wachijambula papepala ndi pensulo asanachilowetse mu kompyuta. Munali zithunzi za zombo, nkhope za madalaivala, mapu a boda, ndi makope amene analembamo nkhani yonse ndi dzanja. Pamwamba pake panali kalata ya Chingerezi. Anandimasulira: mapepala onse okhudza gemuyo ndi a kampani, awonongedwe, ndipo atumize chithunzi chosonyeza kuti awonongedwadi.

"Ku Lilongwe ndilibe potenthera," anatero. "Mundithandize."

"Pensulo anagula ndani?"

"Ine."

"Dzanja ndi la ndani?"

"Ndinasayina, adadi."

"Ine ndinasayinapo kutchalitchi kuti ndasiya mowa."

"Adadi." Anaweramitsa mutu. "Si kalata yokhayi. Ndikaziona zinthu zimenezi mtima umandiwawa. Ndikufuna zithe."

Pamenepo ndinaona kuti kukangana naye n'kutaya malovu. Ndinati chabwino, koma moto sitiyatsa fodya wouma ali pafupi ndipo mphepo ikuomba, tidikire mawa. Anavomera, chifukwa anakulira pakhomo pa fodya. Atapita ndi amayi ake kuchigayo ndinatsegula katoni.

Ine zojambula sindizidziwa, koma ntchito ndimaidziwa ndikaiona. Mayi woyendetsa chombo uja anamujambula mwina kakhumi asanakhutire naye. Poyamba anali wamtali ngati wa pa kalendala, kenako anamufupikitsa, kumupatsa mikono ya munthu wodziwa khasu, kumumanga chitenje pamwamba pa chovala cha mumlengalenga. M'mbali mwa mapepala munali timawu take: apa ndalakwa, apa ndiyambirenso, uyu aziyenda ngati amalume. Pepala lina linali lofufutidwa mpaka kubooka. Ndinakhala pamenepo mpaka mwendo kuchita dzanzi. Ndinati mumtima, munthu wakhala kutsidya kwa nyanja, sanaonepo boda yathu, sanamvepo fungo la mabuleki a thiraki, alembe kalata imodzi ndipo ine ndiyatse moto pakhomo panga? Sanandilembe ganyu.

Ndinachotsa zonse, n'kudzaza katoni ndi mafomu akale a kalabu, makalendala a tchalitchi ndi makope a ana a ku pulayimale. Pamwamba ndinasiyapo zithunzi zenizeni zochepa kuti maso akhute. Ndinasankha za miyala ndi mitambo, zimene ndinaona kuti mwana aliyense angajambule. M'mawa mwake tinapita kudzala. Ndinathira palafini wambiri kuti asakhale ndi nthawi yofufuza. Iye anatola chithunzi pafoni, anatumiza, n'kukagona chagada tsiku lonse.

Tsopano vuto linali pobisa. M'nyumba ayi, akazi anga amadziwa ngakhale pamene singano yagona. Kudenga kuli makoswe. Pansi pali chiswe. Kwa achibale ndiye ayi kwenikweni, alamu anga pepala lililonse losalala amalipichira chingambwe, angathe kusuta boda yonse sabata imodzi. Ndinayang'anayang'ana, maso n'kugwera pa jeke yodindira fodya.

Pali alimi ena, sindiwatchula chifukwa ena ndi akulu a mpingo, amene amabisa fodya woola kapena zitsotso pakati pa belo, kunja n'kuyalako masamba okongola. Ine chibadwire ndinali ndisanachitepo zimenezo, koma njira yake ndinkaidziwa, monga mmene aliyense amadziwira njira ya kumanda. Ndipo ganizo langa linali labwino, ndikukana kuti linali lopusa. Chiswe fodya sichidya. Khoswe safika pakati pa belo lodindidwa bwino. Mkazi satsegula belo losokedwa. Ndinakulunga mapepala onse m'chitenje chakale cha akazi anga, mtolo wake ngati njerwa ziwiri zogundanizidwa. Pulasitiki sindinaikemo, ndine mlimi ine, ndili ndi malire. Ndinayala mapindi a fodya pansi, mtolo pakati, mapindi ena pamwamba, kutsitsa jeke, kusoka chiguduli. Pambali ndinalembapo mtanda ndi khala, n'kulikankhira kuseri kwa mabelo enawo. Ndinati mwana akabwerera ku Lilongwe ndidzalimasula, ndidzasunge mapepalawo mpaka mtima wake utazizira.

Mwanayo sanabwerere. Sabata inatha, ina inatha, ali pakhomo pomwepo, akuthandiza amayi ake osalankhula zambiri. Kenako kunabwera uthenga wa maliro a msuweni wanga kutsidya kwa boda. Msuweni ameneyo tinkanyozana kuyambira tili ana, sindikanalephera kukamunyoza komaliza. Ndinakhalako masiku atatu.

Pobwera ndinalowera kuchigafa ndisanavule nsapato. Munali mbee.

Akazi anga anandipeza nditaima pakati pa chigafa, iwo akumwetulira ngati apambana mpikisano wa kwaya.

"Galimoto ya kalabu inabwera dzulo mwadzidzidzi. Atcheya anati wotsala atsale mpaka mwezi wamawa. Ndinati ayi, bambo kulibe koma ife tilipo. Takweza tokha, ine ndi mwana wanuyu."

"Onse?"

"Onse. Ndi lija munalembapo mtanda lomwe. Ndinati limeneli bambo alidalitsa, likwere poyamba."

Ndinati zikomo amayi, mwagwira ntchito.

Tsopano tamverani mmene zinthu zinakhalira. Kumsika wa fodya ku Lilongwe belo lililonse amalitsegula, n'kusolola mapindi apa ndi apo. Akapeza chosakhala fodya, belo limakanidwa, mwini wake n'kuyaluka. Akapanda kupeza, belo limagulidwa, n'kulowa kufakitale kumene makina amadula chilichonse. Ndiye kuti ndikachita mwayi ngati mlimi, zaka zinayi za mwana wanga zikadulidwa n'kusutidwa ndi anthu a m'maiko ena. Ndikayaluka, mwina mapepala apulumuka. Lamulungu lotsatira abusa anapempherera alimi onse kuti fodya wawo ayende bwino. Mpingo wonse unati ameni. Ine ndinati, Ambuye, mwamva, koma pa belo la mtanda lija musawamvere. Apatseni maso anthu a kumsika. Dzanja lawo lilowe pakatikati.

Panatha masiku khumi ndi limodzi. Nsima sinkatsika. Akazi anga anayamba kunena zopita nane kuchipatala.

Tsiku lakhumi ndi chiwiri kunabwera atcheya a kalabu yathu. Ndi mayi wamasiye, wamfupi, wolima kuposa amuna tonse, ndipo malamulo a kalabu amawadziwa pamtima. Anatsika panjinga isanaime bwinobwino. Anandipeza ndekha pakhonde.

"Akulu, mwatichita zotani?"

"Takulandirani, atcheya. Mpando uwo."

"Sindikhala. Belo lanu lakanidwa. Apeza mtolo wa mapepala pakati. Mabelo a kalabu yonse tsopano akuwatsegula mpaka pansi ngati ndife akuba."

"Mukunena zoona?"

"Mukusekerera chiyani?"

"Ndi mano awa, atcheya, sakwananso m'kamwa."

"Munthu wamkulu ngati inu. Anthu khumi ndi asanu tikugulitsira nambala imodzi, inu n'kuipaka matope. Munaikamo ndinu?"

"Ndine. Ndipo ndikupita ndekha kukalikonza. Mlandu tidzakambe ndikabwerako, sindithawa, mawondo anandithawa kale."

Pa anzanga a m'kalabuwo ndiye ndinalakwadi, ndipo ndinadzawapepesa pamsonkhano, chipewa m'manja. Iwo sanalakwe kanthu. Anandiimitsa chaka chimodzi osagulitsira m'kalabu, ndipo ndikanakhala tcheya ndikanapereka ziwiri. Koma tsiku limenelo mtima wanga unali pa minibasi.

Kumsika ndinafika chakumasana. Amene sanalowemo sangamvetse: chinyumba chachikulu ngati mudzi, mabelo mizeremizere mpaka maso kutopa, fungo lokwera m'mutu. Anandilozera kumene amaika mabelo okanidwa. Langa ndinalizindikira ndi mtanda uja, lili chotsegula, mapindi ali mbwee. Pakati panali dzenje lopanda kanthu.

Woyang'anira kumeneko anali bambo wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wovala chikhoti chotuwa, cholembera kukhutu.

"Ndinu eni ake a belo ili, madala?"

"Ndine, bwana. Ndabwerera katundu wanga anali m'katimo."

"Anthu amabwera kuno kudzalirira fodya wawo. Inu mwabwerera zinyalala?"

"Fodya ndidzalimanso. Zinazo sizimera."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, kufuna kuona ngati ndaledzera. Kenako anatsegula kabati n'kutulutsa chitenje cha akazi anga, chopindidwa bwino, atamatapo kapepala ka nambala yathu. Chimenecho anasunga ngati umboni. Mapepala, anati, lamulo ndi loti chosakhala fodya chipite kudzala, ndipo kudzala amatentha tsiku lililonse. Sanalakwe, ntchito yake ndi imeneyo. Ndinakhala pa belo la munthu wina. Ndinabera moto wa pakhomo panga kuti ndikapatse moto wa ku Lilongwe, ndi kulipira thiransipoti pamwamba.

Bambo uja anakanda kukhutu ndi cholembera.

"Dikirani. Zinali zithunzi eti? Za ndege zachilendo? Tabwerani."

Anandilowetsa m'kachipinda kamene azibambo okankha mabelo amamwera tiyi. Pakhoma, pakati pa zithunzi za mpira, ndinaona mzere wa zombo uli pa boda. Ndinaona mayi wa chitenje. Ndinaona chimakina cha diso limodzi, wina atalembapo pansi pake ndi bolopeni dzina la kapitawo wawo. Azibambowo, popita ndi mtolo kudzala, anasankhamo zowasangalatsa n'kumata pakhoma ndi phala.

Ndinati, "Zimenezi ndi zanga."

Mmodzi wa iwo, wamapewa ngati chitseko, anati, "Zinali zanu, agogo. Munazitaya m'fodya. Ife tinatola."

"Chimakina icho ndine."

Anaseka onse. Ndiye ndinatseka diso limodzi, kuumitsa khosi, n'kutulutsa mawu aja a m'mabulangete: "Iwe wamapewa, tiyi wako ali ndi chilolezo? Shuga walowa m'dziko muno kudzera pati? Kapuyo itsale pano, iwe ubwerere kumapeto kwa mzere." Wina anapaliridwa ndi tiyi. Anandiuza kuti ndibwereze. Ndinati chithunzi chimodzi, mawu amodzi. Tinagulana choncho mpaka khoma linatsala ndi osewera mpira okhaokha. Wamapewa uja anatulutsanso ziwiri m'thumba la ovolosi zimene ankati akapatse ana ake. Zonse zinakwana makumi awiri ndi zitatu, zathimbirira, zikununkha fodya, kumbuyo kuli phala louma. Makope a nkhani aja, mapu a boda, zina zonse, zinapsa.

Belo ndinalikonza, ndinalisokanso, n'kubwerera kumudzi mawa lake ndi mapepala m'malaya.

Kumudzi nkhani inali itafika kale. Atcheya anali atauza akazi anga za chitenje, akazi anga anali atawerenga zitenje zawo. Mwana wanga ndinamupeza atakhala pakhonde, manja ali pachifuwa.

"Tinatentha chiyani kudzala kuja, adadi?"

"Makalendala. Ndi masamu ako a Sitandade 3. Sanali abwino kwenikweni."

"Munandinamiza. Ndipo mwandinamizitsa. Ndinatumiza chithunzi."

"Chithunzi cha moto. Moto unalipo, ndinayatsa ndekha."

"Mukudziwa kuti angathe kunditengera kukhoti?"

"Wosayina ndiwe, wakuba ndine. Uwauze kuti bambo ako ndi wakuba, kalabu yonse ikachitira umboni, ndi atcheya omwe. Akafuna mapepala awo abwere okha. Akatsike pa boma, akwere kabaza, afunse nyumba ya mkulu wa belo la mtanda. Ana omwe awalozera."

"Ndipatseni."

"Ukatani nawo?"

"Mukudziwa."

"Ndiye sindikupatsa. Awa si ako aja, ako unatentha. Awa ndagula ku Lilongwe ndi pakamwa panga."

Anaimirira n'kulowa m'nyumba. Masabata awiri sanandilankhule. Akafuna kundiuza kuti madzi osamba atentha ankauza amayi ake, ine ndili pomwepo. Akazi anga nawo anali ndi mlandu wawo wa chitenje, ndiye pakhomo panga ndinkakhala ngati mlendo wosaitanidwa. Mapepala ndinawasunga m'chikwama cha Baibulo, ndipo chikwamacho ndinkapita nacho ndi kubafa komwe. Mwanayo sanawapemphenso, ngakhale kuwayang'ana. Apo m'pamene ndinachita mantha enieni. Ndinapulumutsa mapepala ochepa, koma mwini wake anali atawaika kale m'manda. Pensulo sankaigwira. Amayi ake atamupempha kuti awajambulire duwa loti apete pansalu, anati dzanja likuwawa.

Inafika nthawi yothothola mtedza. Kwathu ntchito imeneyi timathandizana, lero pakhomo pano, mawa pakhomo apo. Tsiku lathu kunabwera azimayi oyandikana nafe asanu ndi mmodzi, n'kukhala mozungulira mulu pansi pa mtengo wa mango, mwana wanga ali chakumapeto, chogwada. Mayi wina, amene pakamwa pake sipatsekeka, anati, "Akulu, tationetsani zimene munagulitsira ulemu wanu."

Ndinatulutsa. Zinayenda m'manja, aliyense akupukuta dothi pachitenje asanagwire. Anafunsa kuti nkhani yake imati bwanji. Nkhani ndinkaidziwa, mwanayu anandifotokozera kangapo nthawi ya mabulangete ija. Koma ndinamuyang'ana mmene wakhaliramo, ngati sakumva, ndipo chiwanda changa chakale chinandinong'oneza.

"Mayi uyu," ndinatero, "chombochi si chake. Ndi cha amuna ake. Iye amangokhala pambali kuwasungira fulasiki."

Dzanja la mwana wanga linaima pa mtedza, kenako linapitiriza.

"Chombocho chimayendera palafini. Chikazima panjira amatsika onse kukankha."

Azimayi anati eee, ndi mumlengalenga momwe?

"Momwemo. Ndipo pamapeto mayiyu amatopa, amagulitsa mbewu ija paboda, n'kukwatiwa ndi chimakina cha diso limodzi. Ukwati wake wa kutchalitchi."

"Sizinali choncho."

Anayankhula osadzutsa mutu. Anali mawu ake oyamba kwa ine m'masabata awiri.

"Wati chiyani, mayi?"

"Ndati sizinali choncho. Alibe mwamuna. Chombo ndi chake, anachimanga yekha ndi zidutswa za zombo zakufa."

"Ine sindikuona zimenezo apa. Pali pepala lake?"

"Linalipo."

"Linapsa. Ndiye zatsala ndi zimene ndikukumbukira ine, ndipo ine ndikukumbukira fulasiki."

Azimayi aja anayamba kutenga mbali. Wina anati fulasiki ndi yomveka, mkazi angamange bwanji ndege. Apo ndiye anamuponda pachilonda. Mwana wanga anaimirira, mtedza n'kukhuthuka pamiyendo, analowa m'nyumba. Ndinati basi, ndaonjeza, mawa akwera minibasi. Anatuluka ndi chivindikiro cha katoni ya sopo ndi pensulo ya amayi ake yolembera za kwaya. Anakhala pansi, osayang'ana munthu, n'kuyamba. Ife tinasiya kuthothola. Panatuluka mayi uja atagona chagada pansi pa chombo chosatha, sipanala m'kamwa, miyendo ili kunja, pambali pake mulu wa zitsulo. Anandiponyera pamiyendo.

"Mwamuna ali pati pamenepo?"

Ndinachiyang'ana mofatsa, kuchitembenuza uku ndi uku. "Mwina wapita kukagula palafini."

Anatenga chivindikiro china.

Sindikunamizani kuti gemu inauka. Sinauke. Ili chitsekeredwe kumene ili, ngati sanaifufute, pamodzi ndi mawu anga. A kampani sanabwere, ngakhale kalata yachiwiri sanalembe, ndipo nthawi zina zimandipsetsa mtima kuti ndinakonzekera nkhondo ndi anthu amene anali ataiwala kale kuti tilipo. Mwana wanga anabwerera ku Lilongwe mu Ogasiti. Pano amajambula zikwangwani za masitolo ndi mapepala a maukwati. Akuti za gemu asamve n'komwe.

Koma ine nkhani ndimaifotokozabe, pamaliro, pachigayo, podikira feteleza, paliponse pamene anthu akhala osachita kanthu. Ndipo ndimaonetsetsa kuti akazi anga amva, chifukwa iwo Lamulungu lililonse amaimba foni ku Lilongwe, ndipo sasunga kanthu. Pakapita sabata kapena awiri, kondakitala wa minibasi amasiya envulopu ya mwanayo pagolosale ya pamsewu, muli chojambula chotsutsa bodza langa. Chikwama cha Baibulo chinachepa, pano ndimasunga m'sutikesi, ndi masamba awiri a fodya pamwamba oingitsira tizilombo. Mapu a boda anabwera m'zidutswa zitatu, nditauza anthu kuti chimbudzi chinali pakati pa msewu.

Mwezi watha ndinauza anthu pamsonkhano wa kalabu, umene anandibwezeretsa, kuti chombo cha mayi uja chinalibe chitseko, ankalowera pawindo. Envulopu yafika dzana. Muli chombo chonse, mbali zonse zinayi, chilichonse chili ndi muvi ndi dzina lake. Pansi walemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ndisavutike kuwerenga: "Adadi, lekani kundichititsa manyazi. Zitseko zinali ziwiri."

Ndikudziwa kuti zinali ziwiri. Pepala lake loyamba ndinaliika ndekha m'belo.